Msewu wa Aroma ndi Mizere Yanga

Kwathu ku Ntchisi madzi a mvula sitiwalola kudutsa m'munda ngati mlendo wothamangira basi. Timawagwira. Zimenezi ndinazidziwa ndisanadziwe kulemba dzina langa. Munda wa mayi anga unali pamtsetse, ndipo alangizi atabwera ndi timitengo tawo ndi chingwe n'kutiyezera akalozera, mizere yonse tinkaipingasitsa phiri. Pakati pa mzere ndi mzere tinkaunjika timizere tina totseka, tija ena amati ngonyeka, kuti dontho lililonse likhale pomwe lagwera mpaka nthaka italimwa. Munthu amene madzi ankatuluka m'munda mwake tinkamuyesa waulesi.

Nzeru yomweyi inatsala pang'ono kundilanditsa munda ku Middlesbrough.

Ndinafika m'tauni imeneyi m'zaka za m'ma 2010, mwana wanga wamkazi ali wakumsana. Tinali m'gulu la anthu odikira yankho la boma, ngati tiloledwe kukhala m'dziko muno kapena ayi. Wodikira saloledwa kugwira ntchito. Umadzuka, kusambitsa mwana, kusesa kachipinda kamene unasesa dzulo, kenako n'kukhala pawindo kumayang'ana mabasi. Manja anga anayamba kusalala, ndipo mutu unkangozungulira pa nkhani imodzi yomweyo, tsiku ndi tsiku.

Kutchalitchi ndinadziwana ndi mayi wina wa ku Zomba, namwino wa pachipatala chachikulu, amene tonse tinkangowatchula kuti Anti. Iwowo ndi amene anandipezera kamunda. Kuno kuli malo amene amawadula timinda ting'onoting'ono, amati alotimenti, ndipo amayang'aniridwa ndi komiti ya alimi eni ake. Anthu amadikira nthawi yaitali kuti apatsidwe. Ine sindinadikire chifukwa kanga kanali kamene aliyense anakakana: kapamtsetse, dothi lake makande omata ngati phula, kodzaza zitsamba zoyabwa. Kumunsi kwake kunkadutsa njira imene alimi onse ankayendamo ndi mawilibala awo. Kutsidya kwa njirayo kunali munda wa bambo wina wachikulire wachizungu, amene anapuma ntchito ku fakitale ya zitsulo. Ine ndi Anti tinkawatchula kuti Madala. Lamulo linali lakuti wongoyamba kumene amayesedwa chaka chimodzi. Akalephera, munda amaupatsa wina.

Chovuta choyamba chinali khasu. Azungu amalima ndi fosholo ndi chifoloko, kuponda ndi phazi ngati akukumba dzenje la chimbudzi. Ndinayesa tsiku limodzi, msana unakana. Koma pabalaza pa Anti panali khasu lenileni lakwathu, atalipachika pakhoma pambali pa chithunzi cha ukwati.

"Anti, khasu ili mumalimira pati?"

"Iwe, chimenecho n'chokongoletsera. Ine ndinakulira m'tauni, usandinyoze."

"Ndiye mundibwereke likaoneko dothi, lisafe ndi manyazi pakhomapo."

Anaseka mpaka kutsokomola, n'kundipatsa.

Ndinalima ngati ndabadwanso, mwana ali kumsana kapena atagona m'pulemu pamthunzi wa mpanda. Mizere ndinaipingasitsa mtsetse, yowongoka bwino, ngonyeka zake zili m'malo. Chakumbali kwa munda kunali kangalande kakale kodzaza udzu, kotsetserekera kumunsi. Nditakaona ndinapukusa mutu. Ndinati mwini wake wakale anali wotaya, madzi onsewa ankangowapereka kutchire? Ndinakakwirira bwinobwino n'kubzalapo nyemba. Pena ndinabzala chimanga, pena maungu kuti ndizipeza nkhwani, pena mpiru. Azungu odutsa ankaima n'kumajambula mizere yanga ndi mafoni. Ine ndinkati akusirira.

Ndiye kunabwera mvula. Mvula yakuno si yakwathu ija yogwa ndi ukali kenako dzuwa n'kuwala nthaka n'kumatuluka nthunzi. Yakuno imangonyenyeka, lero, mawa, mkuja, kopanda dzuwa loti liumitse. Ngonyeka zanga zinagwira ntchito imene ndinazituma. Zinagwira madzi onse. Koma makande aja sanamwe. Munda unasanduka timadamu tondondozana, chimanga chinachita chikasu, nyemba zinaola, nkhono zopanda chigoba zinadya mpiru wonse. Ine ndinkangoti dikirani, nthaka imwa. Tsiku lina mzere wakumtunda unaphulika, n'kuphulitsa unzake, unzakenso n'kuphulitsa wina. Matope onse anatsikira m'njira, n'kuwolokera m'munda mwa Madala, momwe munali anyezi awo ataliatali amene ankawalera ngati ana kuti akapikisane nawo pachionetsero.

Ndinawapeza ataima m'matope ofika m'akakolo, manja m'chiuno. Chizungu changa n'cha Sitandade 6, ndipo cha anthu akuno chimatulukira m'mphuno, koma tsiku limenelo ndinamva mawu onse.

"Mayi, mukuweta nsomba kapena mukulima?"

Ndinagwada pang'ono monga timachitira kwathu, n'kupepesa.

"Ngalande ija ili kuti?"

Ndinaloza nyemba zoola zija. Anatseka maso kanthawi.

"Aroma anamanga msewu pamwamba pa mapiri uko, m'dambo lenileni. Mpaka lero ukhoza kuyendapo mapazi osanyowa. Inu miyezi itatu yokha mwatimangira nyanja."

Sabata yomweyo kalata ya komiti inafika. Anti anandiwerengera. A komiti anandipatsa masabata anayi kuti madzi a m'munda mwanga asiye kuwononga njira ndi minda ya ena. Apo ayi, ndibweze kiyi wa pageti.

Kiyi ameneyo anali chinthu chokhacho m'dziko muno chimene chinali m'manja mwanga. Nyumba ankatisankhira, tauni anatisankhira, tsiku lokasayina ku ofesi ya boma ankatiuza. Koma kumunda palibe ankandiuza pobzala. Ndinalira, osabisa. Koma ngakhale ndinkalira, mawu a Madala aja ankangondibwerera, osati chipongwe chakecho, koma msewuwo. Aroma akale ndinkawadziwa m'Baibulo: asilikali, Pilato, kalembera uja anapititsa Yosefe ku Betelehemu. Sindinkadziwa kuti anafika mpaka kuno kozizira. Ndipo msewu wa m'dambo umauma bwanji? Kwathu msewu wadothi ukangodutsa dzinja limodzi osaukonza, ngolo imatitimira mpaka m'matayala.

"Anti, Aroma aja anapachika Yesu anafikadi kuno?"

"Anafika. Zinali m'buku lija ndinkawerenga pokalemba mayeso a unzika. Misewu, makoma, mabafa. Bwanji?"

"Ndikufuna ndikauone msewu wakewo."

"Iwe, akukulanda munda, ndiye ukufuna ukacheze ndi miyala?"

"Ndingouona basi."

"Ofu yanga, tsiku lopuma limodzi lomweli? Anzako amapempha kuti ndiwaperekeze kumashopu."

Anadandaula choncho mpaka Loweruka, koma Lowerukalo anabwera ndi galimoto, mpando wa mwana atamangirira kale kumbuyo.

Tinayenda kupitirira ola, kulowera cha ku Whitby, kenako tinakhota n'kuyamba kukwera timisewu topapatiza. Mitengo inatha. Kunangotsala tchire lalifupi lofika m'mawondo, mapiri osalala, mphepo, ndi nkhosa zogona pamsewu zosaopa hutala. Malowo amati Wheeldale. Tinasochera kawiri, Anti akukangana ndi foni yawo ngati ndi munthu. Titaimika galimoto, ndinabereka mwana n'kumufunditsa jekete pamwamba pa chitenje, n'kuyamba kuyenda wapansi.

Kunena zoona, nditauona koyamba ndinakhumudwa. Ndinkayembekezera chinthu chonga msewu wa tala. Koma unali mndandanda wa miyala yaphanthiphanthi, ina yosweka, ina yopendekeka, udzu utamera m'mipata, ukupita uko mpaka kukabisika kuseri kwa chitunda.

"Ndi zimenezi?" anatero Anti. "Petulo wanga wathera zimenezi? Ku Chinamwali kwathu ku Zomba kuli miyala yoposa apa."

Iwo anapita kukawerenga chikwangwani. Ine ndinatsika pamiyala paja n'kuponda pambali. Phazi linalowa, madzi akuda n'kutumphukira m'nsapato. Ndinabwerera pamiyala: pouma. Ndinatsikira mbali inayo: madzi. Ndinakweranso: pouma. Ndinachita zimenezi kangapo ngati mwana wosewera, mpaka mwana wanga kumsana anayamba kuseka.

Pamenepo m'pamene maso anga anayamba kuona. Msewuwo sunagone pansi ayi, anaukweza. Ndipo sunali wafulati. Pakati panali potukuka, m'mbali motsika, ngati msana wa ng'ombe yonenepa. Ndinagwada n'kuika tsaya pafupi ndi pansi kuti ndione bwino. Ndinatenga botolo la madzi akumwa n'kuthira pang'ono pakati penipeni. Madzi sanaime n'komwe kuti aganize. Anatsetsereka mwala ndi mwala mpaka m'mbali. M'mphepete munali miyala ina yoimika chilili, yogwira inzake kuti isamwazike, ndipo kunja kwake kunkaoneka kuti kale kunali ngalande, ngakhale tsopano munadzaza zomera.

"Iwe, ukupemphera?" Anti anakuwa. "Bwera umve. Akuti pamwamba pa miyalayi pankakhala miyala ing'onoing'ono yotsendera, inakokoloka kalekale. Pansi pake pali dothi ndi nsangalabwi zimene anaunjika. Komanso akuti akatswiri sagwirizana. Ena akuti ndi Aroma, ena akuti unamangidwa iwo asanabwere, ena akuti atapita kale."

"Ndiye sakudziwa mwini wake?"

"Sakudziwa. Anthu akale akuno ankati chinamanga ndi chimphona, kumangira mkazi wake kuti asamaponde matope popita kokakama ng'ombe." Anatembenukira kwa ine. "Wamva amuna enieni? Anga aja chilonjezere shelefu ya kubafa chaka chino n'chachitatu."

Tinaseka mpaka nkhosa zinadzuka.

Tinayenda chotsatira msewuwo. Anti ankati m'buku lawo lija analemba kuti misewu ya Aroma imawongoka ngati chingwe, chifukwa ankaimika mitengo pamzere, wina n'kumayang'anira ndi diso limodzi kuchokera pachitunda kufika pachitunda china. Zimenezo sizinandidabwitse kwambiri, ndi mmene timayezera mzere woyamba m'munda. Uwu unkakhota pang'ono mwina ndi mwina. Chimene chinandiimitsa chinali china. Pamalo ena otsika ndinamva kulira kwa madzi pansi pa mapazi anga. Ndinasuzumira m'mbali. Munali kangalande kodutsa pansi pa msewu, miyala iwiri uku ndi uku, wina atauvundikira pamwamba. Kalavati weniweni, wopanda simenti, wopanda paipi. Ndinapinda dzanja la jekete n'kulowetsa mkono. Madzi ozizira ngati a mufiriji ankadutsa m'zala zanga, kuchokera kumtunda kupita kumunsi, mwakachetechete, osakhudza msewu.

Ndinakhala pansi pomwepo. Munthu amene anaika miyala imeneyi, kaya anali Mroma kaya ndani, sankalimbana ndi madzi, komanso sankawasunga. Anawafunsa kumene akupita, n'kuwatsegulira khomo. Miyala yapamwambayo ndi chipewa chabe. Ntchito yeniyeni inali kupatsa madzi njira yawoyawo kuti asiye ya anthu. Ndinakumbukira kangalande kanga kaja ndinakakwirira ndi manja angawa n'kubzalapo nyemba, ndipo manyazi anandigwira kuposa tsiku la anyezi lija.

Ndinadzifunsanso zambiri zimene chikwangwani sichinanene. Miyala yonseyi anasenza ndani? Kwathu pantchito ya msewu amayi ndi amene amasenza dothi pamutu, amuna n'kumayeza ndi chingwe. Kodi kunonso kunali amayi obereka ana kumsana, m'mphepo imeneyi? Ankadya chiyani kopanda mtengo ngakhale umodzi wa nkhuni? Anti anati ndikafunse Pilato.

Lolemba ndinayamba ndi kugumula. Palibe ntchito yowawa ngati kuphwasula mizere yokongola imene unaunga wekha. Ndinatsegula ngonyeka zonse. Mizere ndinaitembenuza kuti itsetsereke pang'ono chopendekera kumbali, chinthu chimene mayi anga akanachiona akanandilanda khasu. Ndinafukula kangalande kakale kaja. Pansi pake ndinapeza zidutswa za njerwa zoyalidwa bwino, kusonyeza kuti mwini wake wakale sanali wotaya monga ndinamunenera.

Kenako njira. Kalata sinandiuze kuti ndikonze njira, inangoti madzi asiye kuiwononga. Koma inali itasanduka phala, ndipo phalalo linali langa. Ndinakumba ngalande kumbali yakumtunda, dothi lake n'kumaliponya pakati. Kuseri kwa geti kunali mulu wa njerwa zosweka ndi miyala imene alimi ankataya akaifukula m'minda. Ndinapempha kwa mayi wina wa komiti, anati tengani, mutithandiza. Ndinatuta ndi wilibala yobwereka, mwana atakhala m'pulemu akudya mabisiketi n'kumandilangiza m'chinenero chake. Zikuluzikulu pansi. Zapakati pamwamba pake. Ting'onoting'ono pomaliza, n'kutsendera ndi chipika. M'mbali ndinaimika njerwa chilili. Pakati ndinatukula msana, ndipo ndikayala pang'ono ndinkathira madzi a m'botolo kuti ndione kumene athawire. Akaima, ndinkafukula n'kuyambiranso.

Sabata yachitatu ndinafika pa vuto limene ndinkalizemba. Madzi onse a m'munda mwanga tsopano ankasonkhana bwinobwino pakona yakumunsi. Koma apite kuti? Khwawa lotayira madzi linali kuseri kwa munda wa Madala. Kuti akafike kumeneko ankayenera kudutsa pansi pa njira, kenako kutsata m'mphepete mwa mpanda wawo, m'kati mwa malire awo. Ndipo Madala chiyambire tsiku lija anali asanandiyankhe moni.

Ndinakonzekera mawu achizungu masiku awiri. Nditafika pamaso pawo onse anathawa. Ndiye ndinangotola njerwa ziwiri n'kuziimika pansi motalikirana pang'ono, yachitatu n'kuvundikira pamwamba. Ndinaloza kona yanga, n'kuloza pansi pa njira, n'kuloza mpanda wawo mpaka kukhwawa. Kenako ndinawaonetsa chithunzi cha kalavati uja chimene ndinajambula pafoni.

Anavala magalasi. Anayang'ana foni, n'kundiyang'ana ine.

"Munapita kumeneko?"

"Eya, bambo."

"Chifukwa cha zimene ndinanena zija?"

"Eya."

"Ine ndinapitako ndili mwana wasukulu. Sindinaone zimenezi, ndinkangofuna kudya kamba wanga." Anandibwezera foni. "Wa Aroma, eti?"

"Chikwangwani chikuti sakudziwa."

"Chikwangwani n'chabodza. Ndi wa Aroma."

Sindinatsutse. Munthu ukupempha njira m'munda mwake sumutsutsa za Aroma.

Sananene kuti inde. Analowa m'kashedi kawo n'kutuluka ndi chingwe, zikhomo ndi kachipangizo kokhala ndi kadontho m'galasi koyezera kutsetsereka. Anakhoma chikhomo pakona yanga, china kukhwawa, n'kukoka chingwe.

"Mukumbe motsata ichi. Mukapatuka n'kukhudza anyezi amene atsalawa, ndikakutulani ndekha kukomiti."

Ndinakumba, iwo atakhala pampando wopinda akumwa tiyi wa m'fulasiki n'kumakuwa kuti apo mwazamitsa, apo simunafike. Mwala wovundikira kalavati anapereka okha, chisilabu chakale chimene chinali kuseri kwa shedi, koma anati n'chobwereka, tsiku lililonse akhoza kuchifuna.

A komiti anabwera atatu, Lachisanu, mvula itagwa masiku awiri osalekeza. Ndinafika m'mamawa mtima uli m'mwamba. Munda wanga unkaoneka womvetsa chisoni: chimanga chitafa, nyemba palibe, maungu awiri okha akuyesayesa. Koma m'mizere munalibe madzi oima. Mayi wa komiti uja anayenda panjira yanga kuchokera uku kufika uko, n'kubwerera, n'kudumphapo pang'ono. Anawerama pakona kumvetsera madzi akulowa pansi pa chisilabu. Anafunsa Madala ngati ali ndi dandaulo.

"Anyezi anga a chionetsero anapita," anatero Madala. "Amenewo sabwerera."

Mtima wanga unagwa. Kenako Madala anapitiriza.

"Koma mbali ino ya munda wanga sinaumepo chonchi chibwerere ine kuno. Musamuchotse. Akachoka, ngalandeyi azisamala ndani? Ine mawondo anatha."

Anakambirana pambali kanthawi kochepa. Chigamulo chinali chakuti kiyi ndisunge, koma chaka changa choyesedwa chiyambirenso, ndipo ngalande yonse, kuyambira kumtunda kwanga mpaka kukhwawa, ikhale udindo wanga. Ikatsekeka n'kusefukira, nkhani yatha. Anandifunsa ngati ndamva. Ndinati ndamva, n'kusayina.

Sizinatenge nthawi kuti ndidziwe kulemera kwa zimene ndinasayinira. Masamba atayamba kuyoyoka m'mitengo, kalavati anatsekeka sabata yoyamba yomweyo. Ndinapeza madzi atafufuma pakona, atatsala pang'ono kukwera panjira. Ndinagwada m'matope n'kuzokota ndi ndodo mpaka chinamveka kuti phwa, zonse n'kutuluka mbali inayo. Kuyambira pamenepo ndinkapita kawiri pasabata, ngakhale m'miyezi yozizira imene kumunda kulibe cholima, basi ziwiri, mwana atavala ngati chimtolo, ndodo yanga yansungwi ili m'manja. Anti ankati ndine munthu yekhayo mu Middlesbrough amene amakwera basi kukachezera ngalande. Sabata imene ndinadwala chimfine anapita okha, atavala yunifolomu ndi magambuti obwereka, ndipo ananditumizira chithunzi atagwada pakona paja, pansi pake atalemba kuti ndisadzauze munthu wa ku Zomba aliyense.